Madamu aja apita kuti?

Amene muli pa msika, amene muli m'minibasi, amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, takulandirani. Lero tikambirana za aphunzitsi, makamaka aphunzitsi abwino a m'sukulu za boma za m'malokeshoni mwathu, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba. Funso lathu ndi limodzi. Tingatani kuti mphunzitsi wabwino akhalebe pa sukulu imene ikumufuna kwambiri?

Makolo ambiri nkhani iyi mukuidziwa. Teremu yatsegulidwa. Mwana wabwera kunyumba nkhope ili yakugwa. Mwamufunsa chavuta, iye akuti, "Amayi, madamu athu aja kulibe. Akuti asamuka." Inu mukudziwa kuti madamu amenewo ndi amene anamutsegula mutu mwanayo. Asanafike m'manja mwawo sankatha kulemba ngakhale dzina lake. Lero amakuwerengerani uthenga wa pa foni. Tsono madamuwo apita, ndipo palibe anakuuzani chifukwa chake.

Tiyambe ndi kunena sukulu zimene tikukamba. Mzinda uliwonse kuno kwathu uli pawiri. Ku Blantyre, ukachoka ku Nyambadwe kumene kuli mipanda ndi maluwa, sutenga nthawi kuti ufike ku Ndirande kapena ku Mbayani. Ku Lilongwe, Area 47 yagundizana ndi Mtandire. Ana a m'mipanda muja ambiri amapita ku sukulu za pulaiveti. Mwana wa mlonda wa pa geti pomwepo amapita ku sukulu ya boma. Mwana wa mayi wogulitsa tomato, mwana wa wakabaza, mwana wa bambo wosaka ganyu m'mawa uliwonse, onsewa sukulu yawo ndi ya boma. Ku Bangwe, ku Chilobwe, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kauma, ku Mchengautuwa, ku Chikanda. Ana amenewa kunyumba kulibe mabuku. Kulibe wowalipirira mphunzitsi wapadera. Chimene ali nacho ndi munthu uja waima kutsogolo ndi choko. Akakhala wabwino, mwana wapulumuka. Akachoka, mwana alibe kwina kolowera.

Zinafika bwanji pamenepa? M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana anakhamukira ku sukulu. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri amene mukundimvera munaphunzira chifukwa cha chimenecho. Boma linalemba aphunzitsi masauzande amene anali asanapite ku koleji, n'kumawaphunzitsa ntchito ali kale m'kalasi. Kuyambira nthawi imeneyo makoleji a aphunzitsi awonjezeka. Koma mizinda nayo sinaime. Anthu akubwerabe kuchokera kumidzi. Nyumba zadzaza mpaka m'mphepete mwa bwalo la mpira la sukulu. Ana akuchuluka chaka ndi chaka, zipinda zophunziriramo zili zomwe zija.

Ndondomeko ya boma imati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Mukawerenga pa pepala, sukulu zambiri za m'tauni zimaoneka ngati zili bwino, chifukwa aphunzitsi ake ndi ambiri kuposa a kumudzi. Ndipo n'chifukwa chake akuluakulu akamakamba za kusowa kwa aphunzitsi, maso awo amapita kumudzi kokha. Koma pepala silinena kuti aphunzitsi awiri kapena atatu akugawana chipinda chimodzi, momwe mwadzaza ana oposa 100. Mmodzi akuphunzitsa, enawo akhala pakhomo kudikira nthawi yawo. Pepala limawerenga mitu ya aphunzitsi. Silinena kuti mwa aphunzitsi onsewo, amene akusenza sukulu ndi angati. Ndipo mmodzi mwa osenzawo akachoka, ofesi imangotumiza wina, chiwerengero n'kubwerera pomwe chinali. Kwa ofesi palibe chatayika. Kwa ana chatayika chachikulu.

Tsopano tiyeni tilowe m'kalasi, tione ndi maso. Ndi m'mawa, Sitandade 1. Ana akhala pansi, pa simenti yokumbikakumbika. Akhala mothinana moti madamu sangadutse pakati popanda kuponda phazi la mwana. Ena pensulo yawo ndi chidutswa, anachita kudula pakati kugawana ndi mkulu wawo. Ena abwera ndi kapu ya phala yokha, kope kulibe. Phokoso lili ngati pa depoti. Madamu afika ndi jumbo m'manja. Mu jumbomo muli makadi a zilembo amene adula okha kuchokera ku katoni ya sopo. Muli zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera masamu. Muli tchati chimene ajambula usiku. N'chifukwa chiyani amayenda nazo m'jumbo? Chifukwa chipindacho chilibe chitseko. Akazisiya pakhoma, mawa sazipeza.

Taonani mmene amagwirira ntchito. Sakalipa. Amayambitsa kanyimbo, ana n'kulandira, phokoso lija n'kusanduka mawu amodzi. Amakweza khadi, ana n'kutchula liwu la chilembocho. Kenako amaitana mwana wa kumbuyo kwenikweni, ndipo amamuitana ndi dzina lake. M'gulu lonselo amadziwa amene samva bwino, n'kumusuntha kuti akhale kutsogolo. Amadziwa amene wajomba sabata yonse chifukwa akulera mng'ono wake amayi ali ku geni. Nthawi yochonga ikafika, ana amafola mzere mpaka panja, aliyense kope m'manja. Madamu amachonga ataimirira. Belu likalira, mzerewo usanathe, amatenga makope otsalawo n'kuwaika m'jumbo muja. Akachonga kunyumba, nsima ili pamoto.

Luso limeneli munthu satuluka nalo ku koleji. Ku koleji amakupatsa maziko. Koma kugwira ana oposa 100 a zaka zisanu ndi chimodzi, onse n'kumvetsera, n'kufika pomawerenga pakutha pa chaka, zimatenga zaka zambiri za kulakwitsa ndi kukonza. Ndiye munthu wotere akachoka, amachoka nazo zaka zonsezo. Wobwera m'malo mwake amayambira pansi, ndipo amene amalipira nthawi yophunzirayo ndi ana athu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yanga, omvera. Kodi mphunzitsi wotereyu timamulipira chiyani? Timamulipira ndi ntchito ina. Ndibwereze. Mphoto ya mphunzitsi wabwino m'sukulu zathu ndi ntchito yowonjezera. Ahedi akaona kuti madamu awa ndi odalirika, amawapatsa kaundula wa phala. Amawapatsa za masewera. Pa msonkhano wa aphunzitsi, olemba ndi iwowo. Alendo akabwera kuchokera ku unduna kapena ku bungwe, amawalowetsa m'kalasi mwa madamu omwewo, kuti sukulu ioneke bwino. Mphunzitsi wina akajomba, ana ake amawaphatikiza kwa madamu omwewo. Zili ngati ng'ombe za pa ngolo: imene ikukoka ndi mtima wonse ndi imene goli limaisupula khosi.

Ndipo khomo loyandikana nalo kuli mphunzitsi wina. Amafika belu litalira kale. Amalemba notsi pa bolodi, n'kuuza mwana mmodzi kuti azilemba maina a olongolola, iye n'kukakhala pansi pa mtengo ndi foni. Aphunzitsi ambiri sali choncho, ndipo amene mukundimvera mukudziwa kuti sindikunena inu. Koma otere alipo, ndipo pa sukulu iliyonse amadziwika. Mwezi ukatha, awiriwa amalandira chimodzimodzi. Giredi yawo ndi imodzi. Palibe amene wamuthokoza woyamba uja, palibe amene wamufunsa wachiwiriyu. Inuyo mukanakhala madamu a jumbo aja, mukanapirira zaka zingati?

Tiyeni tione kumene amapita. Ambiri sasiya ntchito ya boma ayi. Amangopempha kusamukira ku sukulu ina mumzinda momwemo, kumene ana ndi ochepa, kuli madesiki, kuli mpanda ndi mlonda, ndiponso ndi pafupi ndi kunyumba. Ahedi a kumeneko amawalandira ndi manja awiri, poti mbiri ya mphunzitsi wabwino imayenda. Ena amapita kukawonjezera maphunziro ku Domasi, ku Nalikule kapena ku yunivesite. Akabwera ndi dipuloma kapena digiri, ku pulayimale sabwererako, amapita ku sekondale. Ndani angawanene? Munthu wadzivutikira yekha. Ena amatengedwa ndi mabungwe, kuti azikaphunzitsa aphunzitsi anzawo m'misonkhano ya ku hotelo. Ochepa amapita ku sukulu zikuluzikulu za pulaiveti. Ndikuti zikuluzikulu, chifukwa timasukulu tambiri ta pulaiveti ta m'malokeshoni timalipira mochepa kuposa boma.

Koma pali kuchoka kwina kumene kumandiwawa kuposa konseku. Mphunzitsi alipo, dzina lake lili m'kaundula, tsiku lililonse amasaina. Koma jumbo ija anasiya kuyenda nayo. Makadi anasiya kudula. Maina a ana anasiya kuloweza. Mphamvu zake akuzisungira masana, pamene ana ochepa a makolo olipira amabwera kunyumba kwake ku patitaimu. Kapena akuzisungira kageni ka zigumu ndi mafirizi. Munthu ameneyu anali wabwino. Tinamutopetsa ndife. Kuchoka kotereku kalata yake kulibe, ndipo ofesi singakuwerenge.

Tifike ku nkhani ya ndalama, poti sitingaizembe. M'tauni chilichonse n'chogula. Madzi, kugula pa kiyosiki. Makala, kugula. Nyumba, lendi. Ngakhale nkhwani, umene kumudzi umangothyola kuseri kwa nyumba, kuno ndi wa pa msika. Kwacha inachepetsedwa mphamvu mu 2022, inachepetsedwanso mu Novembala 2023, ulendo wachiwiriwo ndi 44 peresenti. Nonse mukukumbukira mmene mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi minibasi inakwerera. Malipiro a mphunzitsi akalowa ku banki, okongoza ndalama adula kale gawo lawo. Chotsalacho alandilodi akuchidikira pakhomo. Pofika pa 10, ndalama ya minibasi yatha. Mphunzitsi akuyamba kudzuka kukadali mdima kuti ayende wapansi. Akafika ku sukulu ali thukuta lokhalokha, fumbi m'miyendo, ndipo ayenera kuimba ndi ana mpaka masana. Pofika pa 20 wapita kwa wakatapila. Mwezi wamawa zayambiranso pomwepo.

Mphunzitsi amene amakhala ku Bangwe koma anamuika ku Chirimba amakwera maminibasi awiri kapena atatu kupita kokha. Tawerengerani nokha pa mwezi. Ndiye akamva kuti pa sukulu ya pafupi ndi kwawo pali malo, mukuganiza kuti aganiza kawiri?

Ndikudziwa kuti wina amene akumvera ali kumudzi akuti, "Inu a m'tauni mukudandaula chiyani? Kuno sukulu yonse ili ndi aphunzitsi anayi. Chipatala chili kutali, banki ili kutali, magetsi kulibe." Bambo, mayi, mukunena zoona. Mphunzitsi wa kumudzi amavutika, ndipo alawansi imene boma linayambitsa mu 2010 ya aphunzitsi a kumidzi ndi yoyenera. Isachotsedwe, iwonjezedwe kumene. Chimene ndikukana ine ndi kuganiza kuti sukulu iliyonse imene ili mkati mwa malire a mzinda ili pabwino. Mphunzitsi wa ku Mgona ndi mphunzitsi wa ku sukulu ya mpanda ya pakati pa tauni onse amawerengedwa kuti ndi a m'tauni. Koma kodi ntchito yawo ndi imodzi? Kuvutika kwa sukulu kuyezedwe poona sukuluyo: ana angati m'chipinda, zimbudzi zingati, madzi alipo kapena ayi, nyumba za aphunzitsi zilipo kapena ayi. Kusayezedwe ndi mzere wa pa mapu.

Kumbukiraninso chaka cha 2023. Mu Januwale, sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Anthu anathawira kuti? Ku sukulu. Makalasi anasanduka malo ogona. Anthu atachoka, amene anayenera kusonkhanitsanso ana, ena ataferedwa, ena opanda kope ngakhale limodzi, n'kuthamangitsa silabasi kuti mayeso a MANEB asawapeze m'mbuyo, anali aphunzitsi omwewa. Tsoka likagwa mulokeshoni, limathera pa mutu pa mphunzitsi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dziko limamva mawu a aphunzitsi pokhapokha akaika choko pansi. Mu 2017 ananyanyala ntchito chifukwa cha ndalama zawo za tchuthi. Mu 2021 bungwe lawo la TUM linatsogoleranso kunyanyala pa nkhani ya alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. Maulendo onse awiri tinaona ana a pulayimale m'misewu, akufuna aphunzitsi awo abwerere m'kalasi. Pamenepo aliyense anakamba za aphunzitsi. Sukulu zitatsegulidwa, tinaiwala.

Tsopano, tingatani? Ndiyambe ndi chimene sichifuna ndalama. Ofesi yogawa aphunzitsi izifunsa funso losavuta: kodi munthuyu amakhala kuti? Mumzinda umodzi muli aphunzitsi amene m'mawa uliwonse amadutsana pamsewu, wina akupita kumene mnzake akuchokera. Atangosinthana, onse awiri aziyenda wapansi mphindi zochepa, ndalama ya minibasi n'kukhala ya ndiwo. Mphunzitsi wokhala mulokeshoni momwemo amadziwa makolo, amakumana nawo ku tchalitchi, ku mzikiti, pa chigayo. Mwana akajomba, amadziwa khomo lake. Wotere sachoka wamba.

Kenako nyumba. Izi zimafuna ndalama, inde. Koma pali thumba la chitukuko cha m'dera, makhonsolo nawo ali ndi gawo lawo. Timamanga milatho, timamanga misika, timakonza misewu. Nyumba ya mphunzitsi mumzinda sitiiganizira, chifukwa timati m'tauni nyumba za lendi zilipo. Zilipodi, koma lendiyo ndi imene ikumuthamangitsa. Malo akachepa, timange zogundizana kapena zosanja. Ndipo nyumbazo zikamangidwa, zisapite kwa amene ali pa ubale ndi ahedi. Zipite kwa amene akusenza makalasi ovuta. Pali phindu linanso. Sukulu imene pamakhala aphunzitsi usiku, akuba amaiopa.

Koma chachikulu kwa ine ndi giredi. Mvetserani bwino apa. Mphunzitsi amalowa ntchito pa giredi yoyambira, imene ambiri timaidziwa ndi dzina lakale lija la PT4. Ena amakhala pomwepo zaka khumi ndi kupitirira. Mwayi wa intavyu ukabwera, n'kupambana, nthawi zambiri kukwezedwako kumabwera ndi kusamuka, kapena ndi udindo wa mu ofesi. Akhala wachiwiri kwa ahedi, kenako ahedi, kenako mlangizi wa sukulu za m'zoni. Ndiye kuti njira yokha yoti mphunzitsi wabwino akwere ndi kutuluka m'kalasi. Tikamuthokoza, timamuchotsa pamaso pa ana. Kodi zimenezi n'zanzeru?

Payenera kukhala njira yoti madamu a Sitandade 1 akwere giredi, malipiro akwere, ulemu ukwere, iwo ali m'kalasi momwemo ndi makadi awo. Akhale mphunzitsi wamkulu pa luso, woti aphunzitsi atsopano ochokera ku koleji azikhala kumbuyo kwa kalasi yake n'kumaonera. Ndipo a Teaching Service Commission akamafunsa mafunso pa intavyu, zaka zimene munthu wakhala pa sukulu yovuta ziziwerengedwa. Amene wapirira zaka zisanu ku Mtandire kapena ku Mbayani azidziwa kuti zakazo zimupititsa patsogolo pa mzere. Zikatero, aphunzitsi abwino adzayamba kupempha okha kupita ku sukulu zimenezi.

Ndinenepo pang'ono za chizolowezi china. Sukulu zambiri zimatenga aphunzitsi onse amphamvu n'kuwaika ku Sitandade 8, chifukwa mbiri ya sukulu imamveka pa zotsatira za mayeso ndi pa ana osankhidwa kupita ku sekondale. Makalasi a ana aang'ono amasiyira aliyense amene watsala. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wadutsa Sitandade 1 ndi 2 osadziwa kuwerenga, ngakhale mutamupatsa mphunzitsi wotani ku Sitandade 8, mwachedwa. Ambiri mwa ana otere safika n'komwe ku Sitandade 8. Amatsalira m'njira, kumagulitsa majumbo pa msika. Zipinda zatsopano zikamangidwa, ziyambe zapita kwa ana aang'ono, kalasi igawidwe pawiri. Mphunzitsi wa ana 60 amagona tulo. Wa ana oposa 100 amagona akuganiza zolemba kalata yosamuka.

Tsopano ndilankhule ndi inu ahedi. Mukafunsa aphunzitsi amene akhala nthawi yaitali pa sukulu yovuta, ambiri amatchula munthu mmodzi: ahedi awo. Ahedi amene amafika m'mawa aphunzitsi asanafike. Ahedi amene amagawa ntchito mofanana, osaunjikira munthu mmodzi chifukwa choti sakana. Ahedi amene amaitana waulesi uja mu ofesi n'kumuuza zoona maso ndi maso. Ahedi amene ndalama zotukulira sukulu zikabwera amaika poyera, aphunzitsi ndi komiti n'kugwirizana kuti chaka chino tigule zitseko ndi maloko. Ahedi amene mwayi wa maphunziro a aphunzitsi ukabwera, satumiza anzawo omwe aja chaka chilichonse. Aphunzitsi amapirira umphawi wa sukulu. Chimene sapirira ndi kukondera. Ndipo inu a ku ofesi, mukapeza ahedi otere pa sukulu yovuta, musawasamutse pakangotha chaka. Asiyeni amange. Akachoka iwo, aphunzitsi abwino amawatsatira mmodzimmodzi.

Pomaliza ndibwere kwa ife makolo, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ana ndi athu. Ena a ife timapita ku sukulu tsiku limodzi lokha pa chaka, tsiku lokakalipa. Mwana wanena kuti madamu amulanga, ife chitenje m'chiuno, ulendo. Tikulowa m'kalasi osagogoda, kutukwana mphunzitsi ana onse akumva. Ngati mphunzitsi walakwa, ngati wamenya mwana, njira ilipo. Kuli ahedi, kuli komiti ya sukulu, kuli ofesi ya maphunziro, ndipo mwana ayenera kutetezedwa. Koma mukatukwana madamu pamaso pa ana, mawa adzaima bwanji kutsogolo kwa ana omwewo? Ambiri amene analemba kalata yosamuka anailemba usiku wa tsiku lotero.

Nanga zitseko za sukulu zikabedwa zimapita kuti? Sizikwera basi kupita kutali. Zili mulokeshoni momwemo. Wina wagula motchipa, waika pa bafa pake, akudziwa bwino lomwe kumene chachokera. Mafelemu a mawindo, malata a chimbudzi, mipope ya madzi, zonse zimagulidwa ndi anthu amene ana awo amaphunzira pa sukulu pomwepo. Mafumu a m'malokeshoni, apolisi a m'dera, amipingo amene mumapempherera m'makalasi Loweruka ndi Lamulungu, nkhani iyi ndi yanu. Mutu umodzi susenza denga. Chipinda chikakhala ndi chitseko ndi loko, madamu adzapachika matchati awo pakhoma n'kuwapeza mawa, ndipo ana adzawawerenga okha nthawi yopuma.

Pali zabwino zimene zikuchitika kale, ndipo tizione. Amayi a m'magulu a amayi pa sukulu amatsatira ana ojomba mpaka kunyumba. Amayi ena amadzuka m'bandakucha kukaphika phala popanda malipiro. Kuli alandilodi amene mphunzitsi wa mwana wawo akachedwa lendi masiku ochepa, amamumvetsa. Kuli makolo amene teremu ikatha amapita kukagwira chanza cha madamu n'kunena kuti, "Zikomo, mwana uja akuwerenga." Musaderere mawu amenewo. Aphunzitsi ambiri amatha chaka chathunthu osawamva.

Chinthu chimodzi chimene ndikupempha makomiti a sukulu kuti ayambe teremu ino ndi ichi. Mphunzitsi akapereka kalata yopempha kusamuka, ahedi asangosaina. Akhale naye pansi, pamodzi ndi wapampando wa komiti, amufunse mwaulemu: "Aphunzitsi, chakuchotsani n'chiyani? Chikanakhalapo chiyani kuti mukhale?" Mwina ayankha kuti ndi lendi, ndipo pa komiti pomwepo pali wina ali ndi nyumba yopanda munthu. Mwina ayankha kuti ndi ntchito zowonjezera zija, ndipo ahedi angazigawe mawa lomwe. Mwina ayankha kuti ndi banja, ndipo pamenepo palibe chochita, apite ndi madalitso. Koma yankho lililonse lilembedwe m'buku, ndipo pakutha pa chaka bukulo lipite kwa alangizi a zoni ndi kwa akhansala.

Inu makolo, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukaitanidwa, pitani. Nkhani ya ndalama ya mlonda ikatha, imikani dzanja. Funsani kuti chaka chathachi pa sukulu pano pachoka aphunzitsi angati, amaphunzitsa makalasi ati, ndipo ananena kuti achokeranji. Funsaninso kuti chaka chino Sitandade 1 akuphunzitsa ndani, ndipo m'chipinda chake muli ana angati. Mayankhowo muwatengere kwa akhansala ndi aphungu anu akamadzabwera kudzafunsa chitukuko chimene mukufuna m'dera lanu.

Kwa lero tilekere pomwepa.